Jombo Zoyang'ana Kumbuyo

Ndinadzuka kusanache, alamu isanalire. Kunena zoona sikunali kudzuka kwenikweni, chifukwa munthu sunganene kuti wagona utapinda miyendo pakati pa amayi a kumpingo, mutu uli pachikwama cha wina, mapazi a wina ali pamsana pako. Tinachezera m'chipinda chochezera cha nyumba ya amayi anga ku Romford, kufupi ndi London, mipando titaitulutsa, bokosi lili pakati. Kuno maliro amadikira masabata ndipo thupi limakhala kwa okonza maliro, koma amayi anaumirira kuti amuna awo agone kwawo usiku womaliza. Nyimbo tinaimba motsitsa mawu poti khoma lathu ndi limodzi ndi la aneba. Pofika m'bandakucha onse anali atagonja ndi tulo, kupatula amayi.

Ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi bokosi, atatambasula miyendo, maso ali pakhomo pamene panaima jombo ziwiri zazitali zakuda. Ndinali nditazipukuta ndekha dzulo lake mpaka kuwala. Jombo zimenezo ndi zimene zinandisowetsa tulo kuposa mapazi a mayi uja.

Omwalirawo anali bambo anga ondipeza, Mngelezi, msilikali wopuma wa gulu la asilikali a pa akavalo. Aliyense ankangowatchula ndi udindo wawo wa kuusilikali kuti a Meja, ngakhale amayi amene. Anakumana m'chipatala, a Meja atagwa pa kavalo n'kuthyoka chiuno ali kale ndi imvi, mkazi wawo woyamba atamwalira kalekale osasiya mwana. Amayi anali namwino wa m'wodi imene anagonekedwa, ndipo ankati wodwala wovuta chotero sanamuonepo, chifukwa ankafuna kuimirira nthawi iliyonse munthu wamkazi akalowa. Ine ndinabwera kuchokera ku Zomba ukwati utachitika kale, ndili mtsikana wamwano, nditakonzeka kudana nawo. Zinandikanika. Munthu amene amakudikira pasiteshoni mvula ikugwa atanyamula maambulera awiri, sungadane naye nthawi yaitali.

Za usilikali wawo tinkadziwa zokhazo zimene zinali pazithunzi za pakhoma. Pachithunzi china ali mnyamata, akwera kavalo wakuda pakati pa London, chisoti chonyezimira kumutu, lupanga m'manja. Pa china kavalo palibe, aima pambali pa galimoto yankhondo yazitsulo m'dziko la miyala ndi fumbi, chifukwa pofika nthawi yawo asilikali a pa akavalo ankapita kunkhondo pa magalimoto otere, akavalo n'kutsalira zionetsero. Kenaka anakhala zaka zambiri ku Germany, kumene ankati ntchito yake inali kudikira mdani amene sanabwere. Pomaliza anabwereranso kwa akavalo, kuphunzitsa asilikali atsopano kukwera, ndipo atapuma ntchito ankaphunzitsa ana olumala pakhola lina kunja kwa tauni yathu. Za akavalo ankatha kukamba mpaka tiyi kuzizira. Ukawafunsa za dziko la fumbi lija ankangoti kunali kotentha.

Adakali bwinobwino anandiuza ine, osati amayi, mmene ankafunira kuperekezedwa. Anati mwambo wa anzawo ndi wakuti kumbuyo kwa bokosi kumayenda kavalo wopanda wokwera, jombo za mwini wake zitaikidwa m'zitsulo zopondamo mapazi, koma zitatembenuzidwa kuyang'ana kumbuyo. Tanthauzo lake, anatero, ndi lakuti mtsogoleri akucheukira anyamata ake komaliza. Ndinalonjeza pompo, monga mwa khalidwe langa loyankha funso lisanathe.

Kenaka anadwala matenda oiwala, ndipo nkhondo imene sankaikamba ija inalowa m'nyumba. Dzuwa likamalowa ankaimirira pazenera la kukhitchini, manja kumbuyo, n'kuyamba kuitana mayina a anyamata awo mmodzimmodzi. Amayi anaphunzira kuyankha. Dzina lililonse likatchulidwa ankakuza mawu ngati mwamuna n'kunena m'Chingelezi kuti, "Ndilipo, bwana," a Meja n'kugwedeza mutu. Koma pa dzina lomaliza, Tanner, bodza la amayi silinkagwira. A Meja ankatembenuka n'kunena kuti ameneyo si Tanner, Tanner tamusiya kumbuyo. Akatero ankafuna jombo, kufuna makiyi, kumenya chitseko, kulira ngati mwana. Ine ndine namwino ngati amayi, ndaona zambiri, koma kulira kumeneko kunkandithawitsira kubafa. Tinangoganiza tokha kuti Tanner anali mnyamata amene anafera kunkhondoko. Amayi sanauze munthu wakunja aliyense, ankati ulemu wa amuna awo usathere pamsewu.

Ndiye atamva za jombo zoyang'ana kumbuyo, anakana kwamtuwagalu. M'mawa umenewo ndinawagwadira ndi kapu ya tiyi, osayembekezera kuti usiku wawasintha maganizo.

"Wawauza azungu ako aja?" anandifunsa.

"Ndiwauza akafika, amami."

"Iwe, usandizungulitse ngati mwana. Munthuyu wacheuka mokwanira. Wakufa ukamucheutsa sapita. Akatuluka muno akuyang'ana kumbuyo, ine pakhomo apa sindidutsa. Mukaike nokha."

Amayi anga saopseza. Vuto linali lakuti kwa mkulu wa asilikali opuma, amene anaimba foni kangapo kukonza za mwambowo, ndinali nditavomera kale, pamene kwa amayi ndinkangoti tiona. Mbali ina kunali lonjezo langa kwa munthu amene anali m'bokosi, mbali ina mayi wondibala wokonzeka kutsala m'nyumba pa maliro a amuna awo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo nditasuzumira pazenera ndinaona kuti mvula yayambadi kuwaza.

Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale. Moto wake unali wa mbaula za gasi zobwereka, pansi pa tenti imene anyamata anaimika pakadimba ka a Meja, koma azibambo anauzungulira chimodzimodzi ngati chitsa cha pamaliro a kumudzi, manja m'majekete, akukamba za mpira monong'ona. Woyang'anira miphika anali amayi aang'ono a ku Croydon, mng'ono wawo wa amayi, munthu amene amatha kukazinga mandasi, kulawa nyemba ndi kukalipira anthu atatu nthawi imodzi. Mpunga unali pamoto, nkhuku zikudulidwa pathebulo limene a Meja ankaikapo mbewu zawo za maluwa. Atandiona anandikokera pambali.

"Nkhani ya ma boots ija wa sorta? Ma undertaker akubwera posachedwapa, ndipo ku cemetery ukaphonya slot yako, basi, sadikira munthu."

Ndinapukusa mutu.

"Ingozibisa. Uwauze kuti zasowa."

"Zasowa bwanji, amayi aang'ono, aliyense wagona akuziona?"

"Ndiye zako zimenezo. Unkalonjezeranji?" Anabwerera kumandasi awo.

Kunja kutayera anthu anayamba kufika. Ena ankachokera kushifiti ya usiku, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete, maso ali psuu. Ena anatsika sitima kuchokera ku Ilford, ena anakwera mabasi awiri kuwoloka mtsinje. Azimayi akafika pakhomo ankatulutsa chitenje m'chikwama, n'kuchimanga pamwamba pa thalauzi, kenaka n'kulowa chogwada kukapepesa amayi. Ana ankapatsidwa moni m'Chichewa iwo n'kuyankha m'Chingelezi. Mayi wachikulire woyandikana nafe, amene ndinkaopa kuti adandaula za nyimbo za usiku, anabwera ndi makiyi a nyumba yake kuti tigwiritse ntchito khitchini ndi chimbudzi. A Meja analibe m'bale wamagazi wotsala, ndipo kale ankaseka kuti pamaliro awo padzakhala wansembe ndi galu. Akanaona nsapato zimene zinaunjikana m'khonde akanatiuza kuti tiziike pamzere.

Kavalo anafika m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, limodzi ndi mayi wa kukhola kuja. Anali kavalo wakuda wokalamba, imvi zitamera kukamwa, yemwe a Meja ankakwezapo ana amantha kwambiri. Atatsika n'kupuma mwamphamvu, nthunzi ikutuluka m'mphuno, azibambo athu amene amadzitama kuti anaweta ng'ombe kumudzi anabwerera m'mbuyo mwaulemu. Mayi uja anamumanga chishalo n'kundifunsa za jombo. Ndinati zikubwera.

Posakhalitsa anatulukira asilikali opuma aja, kagulu kochepa ka nkhalamba zovala makhoti akuda, zipewa zakuda zozungulira, mamendulo pachifuwa, maambulera atawakulunga bwinobwino ngakhale mvula inali ikuwaza. Iwo anaganiza zodikira panja pamsewu kuti asasokoneze banja. Sanawadziwe Amalawi. Kwathu mlendo wa pamaliro saima pamsewu, choncho anyamata anawalowetsa mutenti, kuwapatsa mipando yabwino, amayi aang'ono n'kuyamba kuwaunjikira mandasi. Mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo anayamba kuzungulira, kufunsa aliyense dzina ndi kumene wachokera, chifukwa pamaliro athu alendo amalengezedwa kuti anamfedwa adziwe amene abwera kudzawalira. Ine ndinkabwera ndi thireyi ya makapu, ndikuyeseza mumtima mawu okauza mkulu wa asilikaliwo kuti mwambo wa jombo walephereka.

Womaliza kufunsidwa anali bambo wamfupi, wowonda, wa ndodo, mwendo umodzi wouma osapindika. Anati wachokera kumpoto kwenikweni kwa dzikoli, anagona panjira. Mkulu wa mpingo anawerama kuti amve dzina.

"Tanner," anatero bamboyo.

Ndinaika thireyi pansi. Ndinagwada pambali pa mpando wawo, pa udzu wonyowa, n'kuwafunsa ngati pagulu la a Meja panali Tanner wina, kaya mchimwene wawo, amene anafera kunkhondo.

"Ayi, mayi, Tanner ndinali ndekha," anayankha. "A Meja ankati mmodzi yemweyo wawakwana."

Sindikumbuka kuti ndinawauza chiyani. Ndikukumbuka kuti ndinawagwira dzanja ngati ndikuopa kuti athawa, n'kuwadutsitsa m'khitchini, pakati pa azimayi, mpaka pamene panakhala amayi. Sakanatha kukhala pansi chifukwa cha mwendo uja, ndipo mpando anaukana poona kuti mayi wamasiye ali pansi. Anangoima, chipewa m'manja. Ndinati, "Amami, awa ndi a Tanner." Amayi anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka anandiyang'ana ine ngati ndachita chipongwe pamaliro. Atatsimikiza kuti sindikuseka, anachita chimene sanachitepo kwa munthu wakunja: anafotokoza zonse za pazenera la kukhitchini, mayina aja, chitseko, kulira.

A Tanner anamvetsera mutu uli pansi. Kenaka anafotokoza mbali yawo, mwachidule, ngati munthu amene akupereka lipoti. Anati tsiku limenelo ankabwerera kumsasa dzuwa likulowa, galimoto imene iwo ankayendetsa n'kuponda bomba lokwirira. Panali utsi, fumbi ndi zipolopolo zochokera m'mapiri. Anzawo anakokera ovulala m'magalimoto ena n'kuthawa, osadziwa kuti iwo aponyedwa m'khwawa, mwendo utaphwanyika. Kumsasa a Meja, amene nthawi imeneyo anali ofesala wamng'ono, anaitana mayina n'kupeza kuti mmodzi palibe. Akuluakulu analamula kuti aliyense adikire kuche. A Meja sanamvere. Anatenga galimoto ndi anyamata awiri odzipereka, n'kubwerera mumdima.

"Ndiye anakupezani?" anafunsa amayi.

"Anandipeza, mayi. Anandinyamula paphewa mpaka kugalimoto, akunditukwana njira yonse kuti ndisagone."

Anati mwendo unadulidwa kuchipatala n'kuwaika woikirira, usilikali wawo n'kuthera pomwepo. A Meja sanalandire mendulo pa zimenezo, analandira chidzudzulo, ndipo a Tanner ankakhulupirira kuti n'chifukwa chake sanakwere kupitirira umeja, ngakhale eni akewo sananenepo. Kwa zaka zambiri ankatumizirana moni wa Khirisimasi, mpaka a Meja atasamuka, kulumikizana n'kuduka. Atakumana kamodzi pamsonkhano wa asilikali akale, a Meja anangokamba za akavalo. A Tanner anakwatira, ali ndi ana ndi zidzukulu, ndipo anagwira ntchito yokonza mabasi mpaka kupuma.

Apo m'pamene ndinamvetsa nkhanza ya matenda aja. Anawasiyira a Meja theka la nkhani. Ankakumbuka kuitana mayina n'kupeza kuti mmodzi palibe, koma zoti anabwerera n'kukamutenga zinafufutika. Madzulo alionse ankabwerera pamalo omwewo, ndipo ife sitikanatha kuwauza mathero ake chifukwa sitinkawadziwa.

Amayi analira. Chimwalirireni a Meja, amayi anali asanalire mokweza, ankangopukuta maso ngati Mngelezi. Tsopano analira kulira kwa kwathu, kotchula munthu ndi kumufunsa mafunso, azimayi onse n'kulandira, za khoma la aneba osaziganizanso. Amayi aang'ono analowa akuthamanga, chipande chili m'manja. A Tanner anangoima chomwecho, misozi ikutsikira m'makwinya.

Kulira kutachepa amayi anaimirira okha, n'kumanga bwino chitenje. Anandituma kuti ndikaitane asilikali onse aja alowe. Analowa n'kuima mopanikizana m'mbali mwa khoma, pansi pa zithunzi zija. Amayi anapita kumutu kwa bokosi, anaika manja kumbuyo monga ankachitira amuna awo, n'kuitana dzina loyamba. Nkhalambazo zinayang'anana, kenaka imodzi inazindikira chimene chikuchitika, n'kuyankha m'malo mwa mwini dzinalo. Pa dzina lachiwiri anayankha angapo, pa lachitatu onse pamodzi. Amayi ankawadziwa mayinawo pamtima, m'ndondomeko yake, ngati ana awo. Atafika pa lomaliza anapuma kaye.

"Tanner!"

A Tanner anandipatsa ndodo yawo, anawongoka, n'kuyankha ndi mawu amene sindinkaganiza kuti angatuluke m'chifuwa chaching'ono chotero: "Ndilipo, bwana!"

Amayi anaika chikhatho pabokosi, n'kulankhula m'Chichewa, motsitsa, ngati akuuza munthu kuti madzi osamba afunda.

"Mwamva, a Meja? Akwana onse."

Okonza maliro anatipeza tili choncho. Ine n'kuti ndisanauzebe mkulu wa asilikali uja kalikonse, ndipo mpaka lero sadziwa kuti mwambo wake unatsala pang'ono kulephereka. Amayi anapita okha pakhomo, ananyamula jombo zija, n'kuzipereka kwa a Tanner. Anawauza kuti akaziike monga mwa mwambo wawo, ziyang'ane kumbuyo, koma pakhale pangano limodzi: iwo ayende kumbuyo kwenikweni kwa kavalo, kuti a Meja akacheuka, munthu woyamba kumuona akhale iwowo. Amayi aang'ono anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye ndisayerekeze kudzitama kuti ndakonza ndine. Mtima wanga, umene unali m'mwamba kwa masabata, unakhala pansi.

Kumanda sikutali ndi kunyumba, koma kwa munthu wa mwendo umodzi ndi ulendo. Chikuku chimene a Meja ankayendera m'masiku awo omaliza chinali chikadali m'khonde, ndipo ndinachitulutsa. A Tanner anachiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati a Meja anawanyamula kamodzi, sangawaonenso atanyamulidwa. Choncho anayenda, ndodo kudzanja lina, ine kudzanja lina, amayi pambali pawo atagwiridwa ndi mng'ono wawo. Patsogolo penipeni panali bambo wa chipewa chachitali wa okonza maliro, kenaka galimoto ya bokosi, kenaka kavalo ndi chishalo chake chopanda munthu, jombo zikugwedezeka pang'onopang'ono, zala zake zitaloza kwa ife. Bambo wa chipewa chachitali uja anayang'ana wotchi yake kamodzi, anacheuka n'kuona a Tanner, ndipo sanaiyang'anenso. Tonse tinayenda pa liwiro la mwendo umenewo.

Mvula inali itasanduka mawawa. Azimayi atayambitsa nyimbo ndinachita mantha kuti kavalo adzidzimuka, koma mayi wa kukhola anati kavalo amene wazolowera kukuwa kwa ana sangaope kwaya. Anangotembenuza makutu n'kupitiriza. Basi inaima kutipatsa njira, anthu a m'mwamba mwake akusuzumira m'mazenera. Bambo wina wogulitsa zipatso anavula chipewa, omanga nyumba ena anasiya kukhoma mpaka titadutsa. Sindikudziwa kuti ankaganiza chiyani poona kavalo wopanda wokwera, nkhalamba za mamendulo, ndi chikhamu cha azimayi a zitenje akuimba m'chinenero chachilendo. Panjira a Tanner anapunthwa kamodzi, ndinamva kulemera kwawo konse padzanja langa, koma atawongoka anayang'ana jombo zija n'kunena chapansipansi kuti akubwera.

Mapemphero anachitikira m'kachalitchi ka kumanda komweko, ndipo abusa anayesetsa kufupikitsa, chinthu chimene sichiwayendera kawirikawiri. Mkulu wa asilikali anafotokoza mbiri ya a Meja, maiko amene anapitako, akavalo amene anaphunzitsa, anyamata amene anadutsa m'manja mwawo. Za khwawa lija sanatchule, mwina sankazidziwa. Pamanda mmodzi wa asilikali opuma aja anaimba lipenga, mawu ake akunjenjemera pang'ono chifukwa cha ukalamba. Antchito a kumanda anali pambali ndi makina awo okwiririra, koma tinali titapempha kale mafosholo, poti ife sitisiya m'bale wathu dzenje lili kukamwa. Azibambo athu anavula majekete n'kuyamba kulandizana. Nkhalamba zija zitaona, zinapereka maambulera kwa azimayi n'kulowa pamzere. A Tanner anaponya mafosholo angapo, dothi lonyowa lolemera, mpaka mkulu wa mpingo anachita kuwalanda. Titaika nkhata, a Tanner anapita kwa kavalo, anamasula jombo zija n'kuzipereka kwa amayi ndi manja awiri.

Kunyumba tinasamba m'manja pabeseni la pakhomo tisanalowe, asilikali aja n'kutsanzira osafunsa. Anadya mpunga ndi nkhuku, mmodzi n'kulimba mtima kulawa tsabola wa amayi aang'ono, zimene anadandaula nazo kwa nthawi ndithu. M'tenti munayamba kumveka kuseka. A Tanner anakhala pafupi ndi amayi, akuwauza za a Meja ali mnyamata, kuti ankameta ndevu tsiku lililonse ngakhale madzi akumwa akuperewera, ndiponso kuti ankalankhula ndi galimoto yankhondo ngati kavalo, kuisisita ikakana kulira. Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Tanner ponyamuka, amayi anawapakirira mandasi m'kontena, n'kuwauza kuti kuyambira tsopano ndi achimwene awo, ndipo achimwene sadikira maliro kuti abwere. Mwamuna wanga, amene tsiku lonse anali ndi azibambo kutenti, anawaperekeza kusiteshoni.

Anthu anayamba kubalalika masana ndithu, ambiri akuthamangira kukagona pang'ono asanalowe shifiti ina. Anyamata anagwetsa tenti, mbaula zinabwerera kwa eni ake, mipando tinaibweza m'malo mwake. Amayi aang'ono anatsuka miphika yomaliza n'kukagona m'chipinda cham'mwamba. M'nyumba munatsala fungo la mafuta okazingira ndi la maluwa.

Nyengo yozizira kuno kumada msanga. Kuwala kutayamba kuchepa ndinazindikira kuti mapewa anga auma, makutu ali tcheru, thupi likudikira lokha dzina loyamba lija monga linazolowera. Palibe anaitana. Firiji inkalira, kunja basi inadutsa. Ndinkawakonda a Meja ngati bambo wondibala, ndipo ndidzawasowa, koma ndisaname: madzulo amenewo ndinamva kupepukidwa, ndipo sindinachite nako manyazi. Iwo anali atapuma, ifenso tinali titapuma.

Amayi anali m'khitchini, atakhala pampando wa amuna awo pafupi ndi zenera lija, tiyi ali patsogolo. Jombo zinali pathebulo pamene anazisiya pobwera, zili ndi timadontho ta matope. Ndinazinyamula n'kufunsa kuti ndikaziike pati, ndipo ziyang'ane kuti.

"Paliponse, mwanangu," anatero osatsegula maso. "Ndi nsapato basi."

Ndinakaziika pansi pa masitepe, pamodzi ndi nsapato zathu. Pobwerera ndinapeza agona pampando pomwepo, kukamwa kuli pululu, tiyi asanamukhudze, kunja kusanade n'komwe. Ndinawafunditsa chitenje n'kutseka katani.